Kusuma, kusumira ndi kusumiridwa: zimene mawuwa amatanthauza kuno ku Joni

Lachinayi lina madzulo mlamu wanga, amene amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Turffontein, anandiimbira foni mawu akunjenjemera. Pageti panafika bambo wina wovala jekete yakuda, anafunsa dzina lake, n'kumupatsa mapepala anayi omangidwa ndi sitepula, pamwamba pake pali chidindo cha khoti. Bamboyo sanakhalitse. Analemba kanthu m'kabuku kake, n'kukwera galimoto, ulendo.

"Alamu, akuti ndili ndi mlandu," anatero. "Kodi adzandimanga liti?"

Usiku usanagwe uthenga unali utafika kale ku Balaka pa WhatsApp, ndipo m'njira monse unkanenepa. Kwa mlongo wake unafika woti ali pa mlandu, kwa amalume ake woti apolisi akumusaka, ndipo pofika kwa amayi ake unali woti amutsekera. Chikhalirecho mwini wakeyo anali pakama pake, akuyang'ana firiji imene anatenga pangongole kusitolo ina m'tauni n'kuleka kulipira ntchito itamuthera. Eni sitolowo ndi amene anamusumira. Panalibe wapolisi ngakhale mmodzi wodziwa dzina lake.

Chisokonezo chotere sichibwera chifukwa cha mantha okha. Gwero lake lina lili m'chilankhulo chathu momwemu. Liwu loti mlandu limasenza wakuba, wangongole, wolanda mkazi wa mwini ndi wosuntha malire a munda m'dengu limodzi, pamene makhoti a dziko lino amawalowetsa anthu amenewa pa makomo osiyana. Tiyambe ndi mawuwo, malamulo atipeza m'njira.

Kusuma: kukatula nkhani

Tsinde la mneniyu ndi -sum-. Kusuma ndi kunyamula dandaulo lako n'kukalitula kwa munthu amene ali ndi mphamvu yogamula. Mwana akamenyedwa ndi mnzake amati "ndikakunenera kwa amayi", koma wamkulu amati "ndikasuma kwa amfumu". Taonani kuti mneniyu akaima yekha satchula munthu amene mwayambana naye, amangoloza kumene mukupita: kusuma kwa ankhoswa, kusuma kwa anyakwawa, kusuma kukhoti. Mukayesa kunena kuti "ndasuma mnzanga", khutu limakana, likumva kuti pali kanthu kagwa panjira.

Mnzake wa mneniyu ndi kumang'ala, amene atolankhani a kumudzi amamukonda: "wakamang'ala kubwalo la milandu". Amene mwakhalitsa kuno mwamvapo anzathu olankhula Chizulu akunena kuti ukumangala, ndipo m'khoti wosuma amamutcha ummangali pamene wosumiridwa ndi ummangalelwa. Mawuwa amamveka apachibale ndi athu, ndipo ngakhale kapangidwe kake n'kofanana ndi kamene tikaone m'munsimu. Liwu la Chingerezi loti sue lili ndi chithunzi china. Linabwera kudzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kutsata kapena kulondola. Kwa Mngerezi, wosuma akulondola mnzake ngati mlenje pa mapazi a nyama. Kwa Mchewa, wosuma akufulatira mnzakeyo n'kulunjika kwa wamkulu.

Pabwalo la mfumu, kumene mneniyu anakulira, panalibe khoma lalitali pakati pa mlandu wa mbuzi yobedwa ndi wa mbuzi yobwereka yosabwezedwa. Onse awiri ankayamba ndi munthu kukatula nkhani, ndipo ankatha ndi kulipira, kawirikawiri mbuzi kapena nkhuku, ina ya wolakwiridwa, ina ya bwalo. Khoma lija linabwera ndi makhoti a atsamunda: ku Malawi malamulo a Chingerezi anakhazikitsidwa mu 1902, pamene kuno ku South Africa maziko a milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake ndi malamulo a Chiroma amene anabwera ndi Adatchi. Makhoti anasintha, koma mawu athu anatsala momwe analiri pansi pa kachere.

Kachidutswa kotchedwa -ir-

Amene munakhoza Chichewa kusekondale mukukumbukira misintho ya aneni. Tikaphatikiza -ir- pa tsinde lija timapeza kusumira, ndipo mneni uja tsopano watsegula malo oti munthu alowemo ngati pamtherankhani: ndamusumira, anatisumira, adzakusumirani. Uwu ndi msintho womuchitira. Umaoneka ngati -ir- pamene lembo la liwu la m'tsinde ndi a, i kapena u, koma umasanduka -er- likakhala e kapena o. N'chifukwa chake timati kusumira ndi kumang'alira, koma kutengera kukhoti ndi kunenera kupolisi.

Apa pali msampha umene ambiri sitiuona. Nthawi zambiri msinthowu umanena za kuchitira munthu zabwino: kuphikira mlendo, kumangira amayi nyumba, kutumizira ana ndalama za fizi. Koma pa kusumira, munthu amene walowa mu -ir- ndiye amene akupita naye kukhoti. Tsono chiganizo choti "loya wandisumira" chili ndi nkhope ziwiri. Wina angamve kuti loya wakasuma m'malo mwanga, wina angamve kuti loya wanditengera ine kukhoti, mwina chifukwa sindinamulipire. Polankhula timapulumukira pa nkhope ya wolankhulayo, kaya akumwetulira kaya wakwinya. Polemba uthenga wopita kumudzi ndi bwino kutambasula: "loya wakasuma m'malo mwanga".

Kachidutswa komweka kamalozanso malo. "Ndikasumire kuti?" si funso la munthu, ndi funso la khoti. Tilipeza kutsogoloku.

Tikawonjezera -idw-, msintho wochitidwa, timafika pa liwu limene linamugwera mlamu wanga: kusumiridwa. Amene anali pamtherankhani uja wakwera kutsogolo kwa chiganizo, wasanduka mwininkhani, koma osati chifukwa wachita kanthu. "Sitolo yasumira Uje" ndi "Uje wasumiridwa ndi sitolo" ndi nkhani imodzi, yangosiyana poyambira, monga mmene chithunzi chimodzi cha ukwati chimasiyanirana kutengera amene wojambula wamuika pakati. Olemba mitu ya nkhani amakonda wochitidwayu munthu wosumiridwayo akakhala wotchuka, ndipo nthawi zina wosuma samutchula n'komwe. Owerenga timatsala ndi dzina limodzi ndi liwu loti mlandu, mutu n'kumalizitsa wokha kuti ndiye kuti walakwa.

Kaliwu koti ndi nakonso n'kachinyengo. "Abambo aja asumiridwa ndi akazi awo" angatanthauze kuti mayiwo ndiwo asuma, kapena kuti banja lonse lili mbali imodzi, lasumiridwa ndi munthu wina. Tanthauzo lachiwirili limafuna kuti tinene "pamodzi ndi", apo ayi tiphwasula banja la eni ake pa WhatsApp. Ndipo pali kusumirana, pamene -an- akusonyeza kuti mivi ikuchokera mbali zonse ziwiri. Malamulo amalola zimenezi m'mlandu umodzi womwewo: mmisiri akakusumirani kuti simunamalize kumulipira, inu mukhoza kuyankha ndi dandaulo lanu loti denga limene anakhoma likudontha.

Kusumiridwa si kuimbidwa mlandu

Makhoti amagawa milandu pawiri. Mbali imodzi kuli milandu imene boma limatenga ngati yolakwira dziko lonse: kuba, kuvulaza, kugwiririra, kupha, kuba mwachinyengo. Wolakwiridwa amakanena kupolisi n'kupatsidwa nambala ya mlandu, koma kuyambira pamenepo mwini mlandu ndi boma. Oimira boma a National Prosecuting Authority ndiwo amasankha kuzenga mlanduwo kapena kuusiya, ndipo wodandaula uja amakhala mboni chabe. N'chifukwa chake milandu yotere kuno imalembedwa ndi chilembo S, kuimira State, kulimbana ndi dzina la woimbidwa mlandu, pamene kumudzi amalemba Republic. Aneni a mbali imeneyi ndi kumangitsa, kumangidwa, kuimbidwa mlandu, kutuluka pa belo. Mapeto ake ndi ndende, chindapusa chopita ku boma, kapena kumasulidwa.

Mbali inayo kuli mikangano ya pakati pa munthu ndi mnzake, kampani ndi munthu, ngakhale munthu ndi boma: ngongole, lendi, mgwirizano wosakwaniritsidwa, kuipitsirana mbiri, kutha kwa banja. Kuno ndiko kwawo kwa kusumira ndi kusumiridwa. Mwini mlandu ndi wosumayo, amauyendetsa yekha, ndipo akhoza kuusiya tsiku lililonse mukagwirizana. Chimene akufuna si kulanga, koma kubwezeredwa chake, kulandira chipukuta misozi, kapena kuti khoti lilamule kuti kanthu kena kachitike kapena kaleke.

Amalawi tonse tili ndi chitsanzo chimene tinachimvera pawailesi miyezi yathunthu. Chisankho cha 2019 chitatha, a Saulos Chilima ndi a Lazarus Chakwera anasumira a Peter Mutharika pamodzi ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti n'kulamula kuti chibwerezedwe. Osumiridwa anagonja, koma chigamulocho sichinatumize munthu kundende, pakuti sichinali chimene osuma anapempha.

Muyeso wa umboni umasiyananso. Kuti munthu apezeke wolakwa pa mlandu wa boma, woweruza ayenera kutsimikiza popanda chikaiko chomveka. Pa mlandu wosumirana amangoika nkhani ziwirizo pa sikelo ngati ya wogulitsa nyemba pamsika, ndipo mbali imene yalemerako, ngakhale pang'ono, yapambana. Motero chinthu chimodzi chikhoza kubala milandu iwiri yokhala ndi mapeto osiyana. Wokugundani ndi chibakera akhoza kumasulidwa pa mlandu wa boma, inu n'kumupambana pomusumira kuti alipire ndalama za kuchipatala.

Izi zikufotokozanso yankho limene limatipsetsa mtima pakauntala ya polisi. Mnzanga wina anapereka wailesi, mabulangete ndi njinga kwa wonyamula katundu wina kuti akatule ku Mangochi. Patapita miyezi itatu katundu sanafike, ndipo mkulu uja ankangoti galimoto inafera ku Tete. Mnzangayo atapita kupolisi anauzidwa kuti imeneyo ndi civil matter. Iye anamva ngati amuthamangitsa chifukwa ndi mlendo. Kaya wapolisiyo anali ndi mtima wotani, mawuwo tanthauzo lake n'lakuti: apa tikuona mgwirizano wosakwaniritsidwa, kasumeni nokha. Malire ake ndi opyapyala, poti munthu amene analandira katundu ali kale ndi cholinga chomudya wapalamula mlandu wa boma. Chovuta ndi kuonetsa zimene zinali mumtima mwake tsiku limene ankalandira.

Samani ndi masiku 10

Mapepala amene mlamu wanga analandira ndi samani, ndipo bambo wa jekete uja ndi sherifu kapena womuthandiza. Sherifu si wapolisi. Ndi mtumiki wa khoti amene ntchito yake ndi kufikitsa zikalata kwa eni ake ndi kukwaniritsa zigamulo, ngati mnyamata wa mfumu amene amabwera kudzakuuzani kuti mukufunika kubwalo. Kubwera kwake sikutanthauza kuti mwapezeka olakwa. Samani ndi mbali imodzi yokha ya nkhani, mmene wosuma akuionera, ndipo woweruza sanamvebe kalikonse.

Apa ndi pamene galamala imatinamiza. Kusumiridwa ndi msintho wochitidwa, ndipo wochitidwa amaoneka ngati munthu wongokhala, zinthu zikumuchitikira. Koma m'malamulo, samani ikangofika, mpira uli kwa wosumiridwa. M'khoti la majisitireti ndi m'khoti lalikulu amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi maholide, oti apereke chikalata chonena kuti adziteteza. Akakhala chete, wosuma amapempha chigamulo popanda mlandu kumvedwa, ndipo kawirikawiri amachipeza. Zili ngati timu ya mpira imene sinafike pabwalo: anzawo amapatsidwa mapointi osatuluka thukuta.

Anthu athu ambiri amagwera pamenepa. Wina amabisa samani pansi pa matiresi, wina amasamuka usiku kuchoka ku Rosettenville kupita ku Diepsloot, wina amakana kusaina poganiza kuti akapanda kusaina ndiye kuti sanalandire. Sherifu safuna siginecha yanu kuti ntchito yake iwerengedwe, ndipo malamulo amamulola kusiya pepalalo kwa munthu wina wamkulu wa pakhomopo. Chigamulo chikatuluka n'chotheka kupempha khoti kuti lichifafanize, koma pamafunika chifukwa chomveka chimene munakhalira chete ndiponso yankho lenileni pa dandaulolo, ndipo nthawi yake ndi yochepa.

Mlamu wanga tinapita naye kwa kalaliki wa khoti m'mawa mwake, tinapereka chikalata chija, kenako anakambirana ndi maloya a sitoloyo zolipira pang'onopang'ono. Milandu yambiri imathera pamenepo, woweruza asanaione n'komwe.

Kodi ngongole imamangitsa?

Kale inkamangitsa. Malamulo a makhoti a majisitireti a dziko lino ankalola kutsekera munthu amene walephera kulipira ngongole imene khoti lagamula. Mu 1995 Constitutional Court, khoti loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu wodziwika ndi dzina loti Coetzee, inathetsa zimenezi ponena kuti zinkagwera amphawi amene alibe cholipira, osati okana mwadala okha. Mu 2010, pa mlandu wa Malachi, khoti lomwelo linathetsanso lamulo lolola kumanga munthu wangongole pongomuganizira kuti akufuna kuthawa m'dziko. Mlandu umenewo unali wa mayi wochokera kunja, choncho ukutikhudza ife amene aliyense amadziwa kuti basi ya ku Blantyre ili pafupi.

Zimene wopambana angachite ndi kutumiza sherifu kudzalemba katundu wanu n'kukamugulitsa pa okishoni, kupatula zinthu zofunikira monga kama, zofunda ndi zovala, kapena kupempha kuti azidula ndalama pa malipiro anu, chimene kuyambira mu 2016 chiyenera kuvomerezedwa ndi woweruza, osati kalaliki yekha. Dzina lanu limadetsedwanso kwa obwereketsa ndalama. Zowawa ndithu, koma si unyolo. Pali khomo limodzi lofunika kulisamala: ndalama zothandizira mwana. Bambo amene khoti lamulamula kupereka chithandizo n'kumakana mwadala amachoka ku mbali ya kusumiridwa n'kulowa ku mbali ya kuimbidwa mlandu, ndipo kumeneko ndende iliko.

Ndikasumire kuti?

Yankho limatengera kukula kwa ndalama ndi mtundu wa nkhani. Pansi penipeni pali Small Claims Court, yomva milandu ya ndalama zochepa, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1984, imene malire ake anakwezedwa kufika pa R20,000 mu 2019. Kumeneko maloya saloledwa kuimira munthu, aliyense amadzilankhulira, ndipo wogamula amafunsa yekha mafunso, pafupifupi ngati pabwalo la kwathu. Musanasume mumalembera mnzanuyo kalata yomupatsa masiku 14 kuti alipire, ndipo samani yake imabwera ndi tsiku loti mukaonekere. Kampani singasume kumeneko koma ingasumiridwe, pamene boma silingasumiridwe m'khoti limeneli. Chigamulo chake sichichitidwa apilo. Nkhani ya mnzanga wa katundu wa ku Mangochi kwawo kunali kumeneku, bola akanakhala ndi kapepala kapena mauthenga a pafoni osonyeza zimene anapereka, komanso adiresi ya mkulu uja, poti sherifu sangafikitse samani ku nambala ya foni.

Pamwamba pake pali makhoti a majisitireti, a m'boma mpaka R200,000 ndi a chigawo mpaka R400,000. Zoposa apo zimapita ku High Court, imene kuno ili pa Pritchard Street, ndipo apilo amakathera kukhoti la apilo ku Bloemfontein kapena ku Constitutional Court ku Braamfontein. Mukamakwera, mtengo nawo ukukwera, ndipo mwambo wake ngwakuti wogonja amalipirako ndalama zimene mnzake wawonongera maloya. Ichi ndi chimene mawu oti "ndikusumirani" amabisa akamatuluka mkamwa mwa munthu wokwiya. Osowa ndalama amayesa ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic. Maloya ena amalola kulipidwa pokhapokha mwapambana, ndipo lamulo la 1997 limawaletsa kutenga zoposa 25 peresenti ya zimene mwalandira.

Nkhani zina zili ndi mabwalo awoawo aulere. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo amapita ku CCMA, bwalo lomva mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30. Wolimbana ndi alandilodi pa dipoziti kapena kudulidwa magetsi amapita ku Rental Housing Tribunal. Ndipo alandilodi sangakutulutsireni katundu panja popanda chilolezo cha khoti, ngakhale muli ndi ngongole ya lendi: ayenera kuyamba akusumirani.

Mlandu suwola?

Makolo anatero, ndipo pabwalo la mfumu mdzukulu amatha kuyankha za ng'ombe imene agogo ake anabwereka. Kuno mwambiwu umagwira theka. Lamulo la 1969 lotchedwa Prescription Act limati ngongole wamba imafa pakatha zaka zitatu chiyambire pamene inayenera kulipidwa, ngati mwini wake sanafikitse samani ndipo wangongoleyo sanavomere kuti ali nayo. Kuvomera, ngakhale polipirako pang'ono, kumayambitsanso kuwerenga. Cholinga chake n'chakuti milandu izimvedwa mboni zikadali moyo, malisiti asanafufutike. Khoti silidzakukumbutsani kuti ngongole inafa, wosumiridwa ayenera kunena yekha, chimene ndi chifukwa chinanso chosakhalira chete. Koma ngongole imene khoti lagamula kale imakhala zaka 30, ndiye pamenepo makolo aja sananame.

Wofuna kusumira boma kuti limulipire, mwachitsanzo atamangidwa popanda chifukwa, nthawi yake ndi yothina kwambiri: lamulo la 2002 limafuna kuti alidziwitse polemba pasanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Mlendo angasume?

Gawo 34 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wokatula mkangano kukhoti kwa aliyense, silinena kuti nzika zokha. Mu 2008 Labour Court, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, inagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha amawerengedwabe ngati wantchito, ndipo dandaulo lake likhoza kumvedwa. Chigamulocho sichikonza mapepala a munthu, ndipo malamulo olowera m'dziko amakhalabe pomwepo, koma chimatanthauza kuti bwana sangabisale kuseri kwa pasipoti ya wantchito wake.

Pali ngakhale kusuma kumene ena amasuma m'malo mwa munthu iye asakudziwa, tanthauzo lija la -ir- lochitira munthu zabwino. Anthu ochepa amaimira gulu lonse la ovutika mofanana. Mu 2016 High Court ya kuno ku Johannesburg inalola mlandu wotere wa anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya golide. Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi anagwirizana ndi maloya a ogwira ntchitowo za ndalama pafupifupi R5 biliyoni, khoti linavomereza mu 2019, ndipo panabadwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizilipira. Mgwirizanowo umabwerera m'mbuyo mpaka mu 1965, nthawi imene abambo ndi agogo athu ankabwera kuno kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Wenela, kenako Theba. Mkulu wina wa ku Dedza kapena ku Mzimba amene sanapondepo khoti akhoza kukhala m'gulu limenelo ngati anagwira m'migodi yokhudzidwayo ndipo madokotala atsimikiza matendawo.

Zimene sizinathe

Pali mafunso amene sanapeze yankho limodzi. Loyamba ndi la ngozi za pamsewu. Road Accident Fund, thumba la boma lolipira ovulala pa ngozi zimenezi, inakhazikitsa lamulo loti mlendo wovulala aonetse kuti anali m'dziko movomerezeka, ndipo mu 2024 High Court ya ku Pretoria inalikana ponena kuti lamulo la thumbalo limati munthu aliyense. A thumbalo sanakhutire nacho chigamulocho. Ena akuti thumba limene limadzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta liyenera kuthandiza aliyense woyenda pamsewu, ena akuti boma silingasenze anthu amene silikuwadziwa. Mkangano umenewu ukadalipo pakati pa andale ndi akadaulo a malamulo.

Lachiwiri ndi la malire a mayiko. Wokudyerani ndalama akakwera basi n'kukakhala ku Nkhotakota, chigamulo cha ku Johannesburg sichimutsata chokha. Sherifu wa kuno mphamvu zake zimathera pa Beitbridge, ndipo kuti chigamulocho chigwire ntchito kumudzi pamafunika kuyambanso njira ina m'makhoti a kumeneko. Pa ngongole ya R8,000, ndani angayende ulendo umenewo? N'chifukwa chake ambiri amabwerera ku njira yakale, kuimbira foni amalume a munthuyo kapena kukatula nkhani kwa akuluakulu a mpingo kapena a mzikiti. Kodi kumeneko n'kusuma kapena ayi? Mneni wathu amavomera. Khoti silikudziwako.

Lachitatu ndi la chilankhulo chenichenicho. Woimbidwa mlandu ndi boma ali ndi ufulu womasuliridwa m'chilankhulo chimene amamva. Koma womasulira akaima pakati pa majisitireti ndi Mmalawi, liwu loti defendant alitembenuze bwanji? Akati woyankha mlandu, munthu amamva fungo la ndende. Akati wosumiridwa, n'zolondola koma zimamveka ngati palibe choti achite. Ena amati wodandaulidwa, ena woimbidwa mlandu, limene ndi la mbali ina ija. Ngakhale mayina a mitundu iwiri ya milanduyi sitinagwirizane: wina amati milandu ya upandu ndi milandu ya pachiweniweni, wina amangosiya mawu a Chingerezi momwe alili. Tipange mawu atsopano, kapena tizingotambasula nthawi iliyonse kuti wasuma ndani, wasumira yani, ndipo akufuna chiyani? Amayi a mlamu wanga ku Balaka mpaka lero akamandiimbira amafunsa ngati mlandu wa mwana wawo unatha, ndipo ine ndimayankha kuti watsala ndi miyezi inayi kuti amalize kulipira firiji.